Kompyuta ya kuofesi kwathu itasiya kulira

Zipani zitachuluka, mabungwe nawo anatuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo limodzi linagwera pa boma pathu pa Nkhotakota. Linachita lendi nyumba yakale ya mmwenye, kumtunda kwa msewu wotsikira kudoko, n'kupachika chikwangwani chachitali chimene ine wa Sitandade 5 ndinkachiwerenga mopumira panjira. Ntchito yake inali kuphunzitsa asodzi ndi alimi a mpunga kupanga makomiti. Kugwira nsomba ankadziwa kale. Chimene chinkawasowa, malinga ndi bungwelo, anali makomiti.

Ine ndinali mesenjala. Imvi ndinali nazo kale, mano anali atayamba kutsazika, koma ndinali ndi njinga yangayanga, ndiye bungwe linaona kuti lapeza munthu ndi njinga pakamodzi. Muofesimo tinalimo atatu. Bwana anali mnyamata wa kumapiri, wa digiri, wovala tayi ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala likusungunula phula. Wachitatu anali mayi wotaipa, msuweni wanga, mwana wa amalume. Kwawo ndi Asilamu, kwathu ndife a Angilikani, koma kuno zimenezo sizinaletsepo munthu kudya m'mbale imodzi. Anali wamasiye, ali ndi ana ake ndi ena a malemu mng'ono wake, onse akudya kuchokera m'zala zake khumi. Anataipa zaka zambiri muofesi ina ya boma mpaka atamuchotsa pa nthawi yochepetsa antchito, ndiye ntchito ya kubungweyi anaigwira ndi manja awiri. Mwa chisuweni ndinkamutcha akazi anga. Iye ankanditcha madala opanda mano.

Kompyuta inabwera bungwe litakhazikika kale. Inatsika m'galimoto ya kulikulu m'makatoni, ngati mkwatibwi ndi katundu wake: bokosi lalikulu, sikirini yamimba kumbuyo, kiyibodi, ndi timasipika tiwiri tangati njerwa zoimika. Bwana anatisonkhanitsa tonse awiri n'kulankhula ngati pali khamu.

"Mayi, makina awa muwasamale kuposa mwana. Fumbi ayi, madzi ayi, tizilombo ayi. Madala, inu muziyang'ana ndi maso okha."

Msuweni wanga anasoka chophimba cha chitenje. Choyamba chimene anabweretsa chinali ndi nkhope ya munthu wa chipani, bwana n'kuchikana, ati bungwe lathu lilibe mbali. Chachiwiri chinali chamaluwa.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Kompyutayo anailumikiza ku waya wa foni, ndipo nthawi ndi nthawi inkaimba yokha ku Lilongwe, ikulira ngati chule wotsamwa, kufunsa ngati kuli makalata athu. Makalata amenewo ankawatcha maimelo. Ikapeza kalata inkalira kamodzi m'timasipika tija, ting', kamawu kaukhondo ngati supuni yagunda kapu. Msuweni wanga sankakhala moiyang'ana. Mafomu a makomiti ankafunabe taipilaita ndi kaboni, ndiye tsiku lonse ankakhala ataifulatira, sikirini ili m'chitenje chake kuopa fumbi. Akamva ting' ankapukuta zala, n'kuvundukula chitenje, n'kusindikiza kalatayo, ine n'kuinyamula kupita nayo kumene kuli bwana, kaya m'chipinda chinacho kaya kumalo odyera kumsika. Tinazolowera ngati nkhuku zozolowera kulira kwa lichero. Kopanda ting', ndiye kuti kulibe kalata. Panalibe chifukwa chovundukulira.

Amene sanakhalepo kuno ndiwauze za mabowo. Kunyanja kuno bowo losiyidwa lili ndi eni ake. Kuli mavu aja omanga ndi dothi: ukasiya loko sabata imodzi upeza amata pobowolera kiyi, ukasiya pampu ya njinga upeza aikiramo ana. Ndiye aliyense woleredwa bwino amadziwa mankhwala ake. Umatenga kamtengo ka machesi, n'kukulunga kathonje kumutu, n'kutseka. Msuweni wanga anali katswiri wa zimenezi. Maloko a makabati, timabowo ta taipilaita, mpopi wa ketulo yosagwiritsidwa ntchito, zonse zinali ndi kamtengo kake. Ine ndikawodzera masana pabenchi kukamwa kuli yasa, ankandigwedeza ndi bokosi la machesi m'manja.

"Madala, tsekani nokha, ndisanakutsekereni."

Ndiye kunabwera nkhungu, tizilombo touluka tija totuluka m'nyanja. Tinaziona chakum'mawa zitaima panyanja ngati utsi wa tchire, ndipo pofika masana mphepo inazikankhira kumtunda. Amayi anatuluka ndi madengu onyowa kukazikupa, ana akuthamanga m'mbuyo mwawo, koma muofesi zinali chipwirikiti. Zinalowa mu tiyi, m'makutu, pa riboni ya taipilaita, ngakhale m'kolala ya bwana, amene anathawira m'galimoto n'kutseka magalasi. Msuweni wanga anatseka mawindo, anasesa, kenako anazungulira ofesi yonse ndi bokosi la machesi ndi thonje lake, monga anachitira zaka zonse. Ine ndinali panja, ndikupempha nkhungu za ndiwo kwa mayi wina woyandikana nafe.

Kuchokera pamenepo kompyuta inakhala chete. Chule uja ankalirabe poimba foni, poti iye mawu ake ankatulukira m'kabokosi kake kapadera, koma ting' kunalibe. Sitinadabwe. Kulikulu nthawi zina ankatiiwala, ndipo kuiwalidwa ndi kulikulu si matenda. Bwana ankawerenga nyuzipepala, ine ndinkapopa matayala.

Chimene chinatidzutsa ndi foni. Bwana anaiyankha ataimirira, akumwetulira, kenako kumwetulira kuja kunayamba kutsika pang'onopang'ono ngati madzi a m'dambo. Kulikulu ankafunsa chifukwa chake sanapite ku wekishopu ya ku Mangochi. Anzake onse anapita, anagona kuhotela, anadya kasanu patsiku, analandira alawansi yawo ndi zikwama zolembedwa, n'kubwerera. Anamuitana pa imelo, anamukumbutsanso pa imelo.

Anaika foni pansi mwaulemu, n'kupita kukavundukula chitenje chamaluwa. Makalata anali ndandanda pa sikirini ngati amayi pamjigo.

Muyenera kumvetsa kuti masiku amenewo wekishopu inali munda wa anthu ophunzira. Mlimi akaphonya mvula yoyamba sagona, nayenso bwana sanagone.

"Mayi, mwaichita chiyani?"

"Sindinaichite kanthu, bwana. Sinalire."

"Makina saleka okha kulira. Pali dzanja la munthu."

Anapotokola kachitsulo kokwezera mawu mpaka kumapeto. Kanyali kobiriwira ka pa sipika kankayaka bwinobwino. Anazimitsa kompyuta, anaiyatsanso, anaimenya pang'ono pambali monga timachitira ndi wailesi. Chete. Ine ndinati mwina ikunyanyala ntchito, poti inali nyengo yake, aliyense ankanyanyala. Palibe anaseka. Ndinatchulanso mkulu wokonza mawailesi kumsika, koma bwana anati katundu wa azungu sakhudzidwa ndi chitsulo chowotchera cha pamakala.

Kenako ananena zimene zinali kale kukhosi. Anali ndi mlamu wake ku Lilongwe, mtsikana amene anali atangomaliza kosi ya makompyuta, setifiketi ili m'manja, ntchito palibe. Tinali titamumvapo akumutchula, koma tsiku limenelo anamutchula atayang'ana mpando wa msuweni wanga.

"Ndaitanitsa katswiri kulikulu. Akapeza kuti ndi vuto la makina, basi. Akapeza kuti munthu anagwira posayenera, mayi, mwezi ukatha tidzatsazikana. Nthawi ya mataipilaita inapita ndi chipani chimodzi."

Msuweni wanga anati, "Ndamva, bwana," n'kubwerera ku mafomu ake. Taipilaita inalira tsiku limenelo monga masiku onse, kupatula kuti anang'amba mapepala angapo.

Poweruka ndinkakankha njinga pambali pake mpaka pamphambano ya kumzikiti. Ankawerengera mokweza zimene angachite: mandasi padepoti, kapena usipa wouma kupita nawo ku Kasungu. Mwana wake wamkulu anali kusekondale yogonera komweko, ndipo ameneyo ndiye ankamutchula kawirikawiri.

"Akakuchotsani ndikukwatirani, akazi anga," ndinatero. "Nkhani yatha."

"Njala ziwiri m'nyumba imodzi, madala? Mulungu andikhululukire."

Katswiri anafika pa minibasi chakum'mawa, mnyamata wowonda, nsapato zosongoka, kachikwama paphewa. Asanaone kompyuta anandifunsa kumene kumapezeka kampango wabwino ndi mpunga wonunkhira uja wa kuno. Ndinadziwa pomwepo kuti tigwirizana. Bwana anamulandira, anamufotokozera mlandu wonse mpaka za dzanja la munthu, kenako ananyamuka kupita ku Dwangwa kukatsegulira komiti, ati abwera madzulo.

Katswiriyo ntchito ankaidziwa, zimenezo ndisamunamizire. Anakhala pansi, ine ndili kumbuyo kwake kuyang'ana ndi maso okha monga anandilamulira. Anayamba ndi kachithunzi ka lipenga kumunsi kwa sikirini. Anakadina, panatuluka timizere tokwezera mawu, tonse tili pamwamba. Anayang'ana ngati wina anachonga kabokosi koletsa mawu. Sikanachongedwe. Anapita pena pamene panali mndandanda wa kulira konse kwa kompyuta, kulira kodzuka, kulira kogona, kulira kokalipa ukalakwitsa, mpaka anapeza kulira kwa kalata yatsopano. Kanalipo, palibe anakafufuta. Anakayesa. Chete.

"Mayi, nyimbo mumaikamo?"

"Ine ndi nyimbo pantchito, achimwene?"

Anatulutsa chimbale chake chonyezimira n'kuchilowetsa. Manambala anayamba kuyenda kusonyeza kuti nyimbo ikuimba, koma m'chipindamo munkangomveka ntchentche.

"Ndiye vuto si la kalata yokha," anatero, akudziyankhula yekha. "Chilichonse sichikutuluka."

Anagwada kuseri kwa tebulo, thalauza lake labwino likupukuta simenti, n'kutsata waya wa masipika. Unali m'bowo lake lobiriwira, wolowa bwino. Anauzula, anapisa m'chikwama, anatulutsa mahedifoni ake n'kuwalowetsa m'bowo lomwelo. Ndinaona mutu wake ukuyamba kugwedezeka.

"Kompyuta ilibe mlandu, madala. Ikuimba bwinobwino. Amene akubisa mawu ndi masipika awa."

Anabwezera waya, anakoka sipika ya kumanja, ija yokhala ndi kanyali, n'kuitembenuza pa kuwala kwa windo. Kutsogolo kwake, pansi pa kachitsulo kokwezera mawu, panali kabowo kakang'ono kolowetsamo mahedifoni. Anafuna kuyesanso pamenepo, koma mahedifoni anakana kulowa. Anasuzumira. Anapempha pini. Msuweni wanga anachotsa pini pa mpango wake n'kumupatsa, ndipo ndinaona kuti dzanja lake lafika kale pakamwa.

Chinatuluka ndi kamtengo ka machesi, kothyoledwa mwaluso kuti kasaonekere kunja, kathonje kali kumutu. Katangotuluka, nyimbo inaphulika m'chipindamo ndi mphamvu yonse imene bwana anapotokolera, mpaka mbuzi za panja zinathawa. Mnyamatayo anatsitsa mawu msanga.

Anatifotokozera mosakweza mawu. M'kabowo kameneko muli kachitsulo kofewa. Chinthu chikalowa n'kukakankha, sipika imaganiza kuti munthu wavala mahedifoni ndipo safuna kusokoneza anzake, ndiye imakhala chete mwaulemu. Siidziwa kusiyanitsa mahedifoni ndi machesi.

"Ndinaika ndine," anatero msuweni wanga. Palibe anali atamufunsa. "Tsiku la nkhungu. Ndinaona kabowo kali pululu."

Mnyamatayo anakayang'ana kamtengoko nthawi yaitali. Anayang'ana wotchi yake. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu. Kenako anachita chinthu chimene mpaka lero ndimachilemekeza: anakatenga kamtengo kaja n'kukabwezera m'bowo momwe kanali. Nyimbo inaduka.

"Achimwene, mukutani?"

"Mayi, tamverani. Kulikulu andilembera masiku ogona kuno. Ndikabwerera lero ndi kamtengo ka machesi m'thumba, alawansi ndibweza, ndipo adzandiseka mpaka Khirisimasi. Vuto ili ndi lalikulu. Likufunika nthawi."

"Ine bodza sindinena. Bwana akandifunsa ndiwauza."

"Auzeni, mayi. Ine sindinakuletseni. Inu nenani zanu, ine ndinena zanga."

Anatembenukira kwa ine. Ndinamuuza kuti ine ndinalembedwa ntchito yoyang'ana ndi maso okha, za pakamwa sizinali m'pangano. Ndipo ndinamukumbutsa kuti kampango wabwino amatha msanga.

Masiku otsatirawo ofesi inasanduka chipatala. Mnyamatayo anatsegula bokosi lalikulu lija, tizitsulo tomangira n'kutiika m'sosala, matumbo a kompyuta ali poyera. Ankauzira fumbi, ankazula kanthu n'kukabwezera, ankalowetsa zimbale, mizere yabuluu ikuyenda pa sikirini pang'onopang'ono. Bwana akalowa, iye ankapukusa mutu n'kutsonya. Bwana ankatuluka wokhutira, poti munthu amene wataya wekishopu safuna kumva kuti anaitaya ndi kanthu kakang'ono. Masana ine ndi katswiri tinkatsikira kudoko. Anadya kampango, anadya chambo, anagula mpunga wa amayi ake ndi wa mayi a chibwenzi chake.

Amene sankadya ndi msuweni wanga. Ankapemphera masana m'chipinda chosungira katundu, monga mwa nthawi zonse, koma ankachedwa kutuluka. Ndinamuuza panjira kuti angokhala chete, mlandu udziwola wokha.

"Mukufuna ndidyetse ana chakudya cha bodza?"

"Ana safunsa kumene ufa wachokera, akazi anga."

"Inu simufunsa. N'chifukwa chake mano anakuthawani."

M'mawa wa tsiku lonyamuka, mnyamatayo anamanga bokosi, anapukuta manja, n'kuitana bwana. Kamtengo kaja anali atakachotsa ife tisanafike. Anauza kompyuta kuti iimbe ku Lilongwe. Chule analira, tinadikira, kenako ting'. Bwana anatseka maso pang'ono ngati munthu wamva belu la tchalitchi cha kwawo.

"Chinali chiyani?"

Katswiri anayankha ndi Chingerezi chachitali, mawu ena otalika kuposa chikwangwani chathu, n'kumaliza m'Chichewa kuti mawu ankatsekeka panjira asanafike kunja, ndipo kunyanja kuno makina amavutika.

"Zimenezo ndamva. Funso langa ndi limodzi. Ndi makina kapena ndi dzanja la munthu?" Sanadikire yankho. Anatembenukira kwa msuweni wanga. "Mayi, ndikufunsani pamaso pa katswiri. Munagwirapo chiyani pa makina awa?"

Anaimirira, anakonza mpango wake.

"Ndinatseka mabowo, bwana. Tsiku la nkhungu lija. Ndinaika kamtengo ka machesi ndi thonje m'kabowo ka sipika iyo, kuopa nkhungu ndi mavu. Munati tizilombo ayi. Kamtengoko ndi kamene achimwenewa anakachotsa."

Ine ndinayang'ana kudenga. Panali buluzi, nayenso ali phee.

Bwana anayang'ana katswiri. Apa mnyamatayo anali pakati pa moto ndi madzi otentha. Akavomera kuti kamtengo ndiko kanali vuto, bwana akanafunsa kuti nanga masiku onsewa bokosi linatsegulidwiranji, ndipo funso limenelo likanafika kulikulu iye asanafike. Anaseka pang'ono, kuseka kwa dokotala akamva wodwala akunena za mankhwala azitsamba.

"Kamtengo ndinakaona, bwana, ndinakachotsa. Koma tinene zoona, makina odula chonchi, ochokera kunja, inu mukuona ngati angagonje ndi machesi?"

Bwana anaganiza. Ndinaona digiri yake ikulimbana ndi mlamu wake pankhope pomwepo. Kuvomera za machesi kunali kuvomera kuti iye, amene anapotokola sipika yomweyo ndi dzanja lake, sanaone kanthu kamene kanali pansi pa chala chake. Kunalinso kukalemba kulikulu kuti wekishopu ya ku Mangochi inaphonyedwa chifukwa cha kamtengo ka machesi.

"Ayi," anatero pomaliza. "Sizingatheke."

"Ndipo mayiwa anachita bwino kuganiza za mavu," anawonjezera katswiri, atapeza mpweya. "Akanamanga dothi m'menemo, bwenzi tikunena zogula masipika ena. Kungoti machesi asiye. Pamabowo a makina tiziika selotepi pamwamba."

Anadula kaselotepi n'kumata pakabowo paja, mwaulemu wonse, ngati akuika bandeji.

"Mwamva, mayi?" anatero bwana. "Selotepi. Zamakono."

"Ndamva, bwana. Koma ine ndanena zimene ndinachita."

"Mwanena, mwanena. Tamva. Pitirizani ntchito."

Za mlamu sitinazimvenso, kupatula kuti anapeza malo ku Dwangwa, m'sitolo ina yaikulu. Katswiri ndinamuperekeza kudepoti, thumba la mpunga lili pakaliyala ya njinga yanga, nsomba zowamba zili m'katoni imene munabwera masipika. Msuweni wanga anatembenuza tebulo lake tsiku lomwelo kuti aziyang'anizana ndi sikirini, ndipo chitenje chamaluwa ankachivundukula m'mawa ndi masana, ting' alire asalire. Anakhala pampando umenewo mpaka bungwe linapakira chikwangwani chake, mwana wake uja atamaliza kale sekondale.

Ine ndinapezapo kanga. Ndikafuna shuga wowonjezera mu tiyi, ndinkalowa muofesi nditapanira kamtengo ka machesi kukhutu, n'kuima pafupi ndi tebulo lake osanena kanthu. Poyamba ankandithira supuni yachiwiri asanandiyang'ane n'komwe. Tsiku lina anatopa nazo. Anasolola kamtengoko kukhutu kwanga, n'kuitana chakuchipinda chinacho.

"Bwana, madala akuti ali ndi nkhani ya machesi yoti akuuzeni."

"Auzeni za selotepi," anayankha bwana, nyuzipepala isanatsike.

Tiyi wa tsiku limenelo ndinamwa wa supuni imodzi.